Mwaitanidwa ku "tea" nkukapeza nyama ndi mbatata: mayina a zakudya m'Chingerezi amatengera dera

Funso lachokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ya unamwino m'tauni ina pafupi ndi Manchester. Iwo akuti: "Mnzanga wa kuntchito anandiitanira 'tea' kunyumba kwake 6 koloko madzulo. Ndinapita nditadya kale, koma ndinakapeza wandiphikira nyama ndi mbatata. Tsiku lina ndinagula 'cornflour' kuti ndiphike nsima, zinangotuluka zonanda. Ana anga nawo akutola mawu a ku America m'makanema, osiyana ndi amene ndinaphunzira kusukulu kwathu. Kodi Chingerezi cholondola cha zakudya ndi chiti?"

Mayi, musadzikayikire. Chingerezi chimene munaphunzira kwathu n'chabwino, ndipo mnzanu uja sanakupusitseni. Pa nkhani ya zakudya palibe Chingerezi chimodzi chimene onse amatsatira. Cha ku London n'china, cha ku Lancashire kumene muliko n'china, cha ku America, cha ku Joni, ngakhalenso chathu cha ku Malawi, chilichonse chili ndi mayina ake. Zili ngati ife tomwe: mbatata ya kholowa mukafika nayo ku Lusaka akuuzani kuti ndi kandolo, therere nkukhala delele, koma palibe amene walakwa. Mukamva dzina la chakudya, yambani mwadzifunsa kuti woyankhulayo kwawo n'kuti. Kusiyana kwina n'kongosangalatsa kudziwa, koma kwina kumakhudza mankhwala, chipembedzo ndi moyo wa munthu, ndipo pamenepo ndikhalitsapo.

Tiyambe ndi "tea" wa mnzanu uja. Kumpoto kwa England, komanso m'mabanja ambiri a ku Scotland ndi Wales, zakudya zitatu za pa tsiku amazitchula "breakfast", "dinner" ndi "tea". Kwa iwo "dinner" ndi nkhomaliro, "tea" ndi mgonero wodyedwa cha m'ma 5 kapena 6 koloko. Kummwera, makamaka ku London ndi madera oyandikana nako, ambiri amati "lunch" masana, madzulo nkumati "dinner" kapena "supper".

Izi zili ndi mbiri yake. Kalekale "dinner" chinali chakudya chachikulu cha pa tsiku, ndipo aliyense ankachidya dzuwa lili pamutu. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 anthu olemera, amene sankalawirira ntchito, anayamba kuchichedwetsa pang'onopang'ono mpaka chinafika usiku, dzina nkupita nacho limodzi. Mpata umene unatsala masana anautseka ndi "luncheon", ndipo njala ya chakumadzulo ankaipha ndi tiyi wa makeke ndi timasangweji, amene amatchedwa "afternoon tea". Mwambo umenewu akuti anautchukitsa ndi Anna, mkazi wa Duke wa ku Bedford, cha m'ma 1840. Koma anthu ogwira ntchito m'mafakitale a thonje a ku Lancashire ndi m'migodi ya malasha ya ku Yorkshire sanasinthe. "Dinner" yawo inakhalabe ya masana, ndipo akaweruka ankadya chakudya chotentha nkutsitsira ndi tiyi wamphamvu. Chakudyacho chinatenga dzina la chakumwacho. Ndicho chimenenso chinkatchedwa "high tea", ngakhale kuti masiku ano mahotela ambiri akunja kwa Britain amapereka dzina limeneli kwa tiyi wa makeke uja poganiza kuti "high" akutanthauza wapamwamba. Zizindikiro za dongosolo lakale zidakalipo m'dziko lonselo. Chakudya cha masana cha kusukulu ndi "school dinner", amayi ochigawa ndi "dinner ladies", ndipo "Christmas dinner" ambiri amaidya masana ndithu.

Muyeneranso kudziwa kuti ku Britain mawu amenewa amaulula gulu limene munthu anakuliramo. M'chaka cha 1954 katswiri wa zinenero Alan Ross wa pa yunivesite ya Birmingham analemba za mawu amene ankasiyanitsa anthu a m'mabanja apamwamba ndi ena onse, ndipo mayina a zakudya anali m'gulumo. Mpaka lero alipo amene amakweza mphuno akamva munthu akuti "tea" ponena mgonero. Ine ndimaona kuti zimenezo si zoti inu muzisenze. Mwakhala pakati pa anthu a ku Lancashire, yankhulani nawo monga iwo amayankhulira.

Njira yosavuta yozindikirira ndi kumvetsera timawu tozungulira. Akati "a cup of tea", "a cuppa" kapena "a brew", ndi chakumwa. Akati "come for your tea" kapena "what are you having for tea", ndi chakudya chenicheni. Onaninso nthawi imene akuitanirani. Mukakayika funsani ngati mubwere mutadya, palibe amene angakusekeni. Paja safunsa adadya phula.

Pantchito yanu nkhaniyi si yaing'ono. Wodwala wachikulire akakuuzani kuti "I haven't had my tea", akunena kuti sanadye mgonero, ndipo ngati ali ndi matenda a shuga ndipo wabaya kale insulin, mawu amenewo ndi ofunika kuwamva bwino. Chimodzimodzi mukamuuza kuti azimwa piritsi "with dinner", wa ku Wigan, tauni ya kufupi ndi Manchester, akhoza kumamwa masana pamene inu mumanena za madzulo. Pa mankhwala tchulani ola, kapena munene "midday meal" ndi "evening meal", mawu amene aliyense amawamva chimodzimodzi.

Tsopano ufa uja. Kale m'Chingerezi "corn" inali mbewu iliyonse ya m'gulu la tirigu, ndipo dera lililonse linkatchula choncho mbewu imene linkalima kwambiri: tirigu ku England, oats ku Scotland. Malamulo otchuka otchedwa Corn Laws, amene anakhazikitsidwa mu 1815 nkuthetsedwa mu 1846, ankakhudza makamaka tirigu wochokera kunja. Angerezi atakafika ku America anapeza eni dziko akulima chimanga, nkuchitcha "Indian corn", kenako dzinalo linafupika kukhala "corn". Ku Britain chimanga cha m'munda ndi "maize", chachiwisi chotsekemera ndi "sweetcorn". Tsono "cornflour" amene munagula si ufa wogayidwa ku chigayo. Ndi sitachi yekha wochotsedwa m'chimanga, wogwiritsa ntchito polimbitsa msuzi ndi kasitadi, n'chifukwa chake anananda. Aamereka amamutcha "cornstarch". Wa nsima mukafunse "maize meal" kapena "mealie meal", ndipo mumupeza m'masitolo a anthu a ku Africa ndi amwenye. Dzina lachiwirilo ndi la ku South Africa, Zimbabwe ndi Zambia, ndipo linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti "milho" kudzera m'Chiafrikaans. Mukasowa, "cornmeal" kapena "polenta" ndi chimanga chogaya ndithu, kungoti nthawi zambiri chimakhala chachikasu komanso chokhakhala ngati mgaiwa. Posankha onani kuti pa paketi palembedwa "fine".

Pali mawu atatu a Chingerezi chathu cha kwathu amene ndikufuna ndikutsineni nawo khutu. Loyamba ndi "relish". Kwa ife, ndi anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe, ndi ndiwo zonse zodyera nsima. Kwa Mngerezi kapena Mwamereka ndi tizipatso kapena timasamba toduladula tonyika mu viniga ndi shuga, togulitsidwa m'kabotolo, tongopakira pa nyama kapena pa buledi. Mukamuuza kuti mukukagula "relish" ya ana adabwa. Lachiwiri ndi "pear". Ife mapeyala tinawatcha kuchokera ku dzina lakale lakuti "avocado pear", koma kumeneko "pear" ndi chipatso china chotsekemera cha mtundu wa apozi. Mukafuna athuwa nenani "avocado". Lachitatu ndi repu. Dzina la ndiwo imeneyi m'Chingerezi limalembedwa chimodzimodzi ndi mawu otanthauza kugwiririra, ngakhale kuti magwero ake ndi osiyana, poti la mbewulo linachokera ku dzina la Chilatini la mbewu ya tanaposi. Ku Britain mbewuyi amailima chifukwa cha mafuta, ndiyo minda yachikasu imene mudzaione mu April ndi May, koma sagulitsa masamba ake m'sitolo ndi dzina limenelo. Funsani "spring greens" kapena "kale", ndizo zoyandikira. Ku America amadya masamba ofanana nawo otchedwa "collard greens".

Ndiwo zathu zambiri zilipo kumeneko, zinangobisala m'mayina a anthu ena. Bonongwe m'sitolo ya anthu a ku Jamaica ndi "callaloo". Nandolo kwa iwo ndi "gungo peas", kwa amwenye ndi "toor", m'mabuku ndi "pigeon peas". Khobwe ndi "black-eyed beans". Therere lobala ndi "okra", ena amati "ladies' fingers", amwenye "bhindi". Chinangwa ndi "cassava", koma amwenye amene anachokera ku Uganda ndi Kenya, amene ndi ambiri ku Leicester, amati "mogo", kuchokera ku Chiswahili chakuti "muhogo". Nsomba yoyandikira chambo ndi "tilapia", ngakhale kuti yambiri yogulitsidwa kumeneko ndi yoweta m'madamu ndipo kakomedwe kake sikafika pa chambo cha ku Mangochi.

Za ana anu ndi mawu a ku America, chothandiza ndi kudziwa komwe kusiyanaku kunachokera, chifukwa mukagwira gwero lake simuvutika kuloweza. Britain inabwereka mayina ambiri a zakudya kwa oyandikana nawo Afalansa. Zinayamba mu 1066 pamene William wa ku Normandy analanda England. Kuyambira pamenepo ziweto zinasunga mayina a Chingerezi chakale, "cow", "pig", "sheep", pamene nyama yake inatenga mayina a Chifalansa, "beef", "pork", "mutton". Patapita zaka mazana ambiri kunabweranso "aubergine" (mabiringano) ndi "courgette" (kadzungu kobiriwira kooneka ngati nkhaka). America nayo inatola mayina kwa anthu amene anasamukira kumeneko. Ataliyana anabweretsa "zucchini" m'malo mwa "courgette", ndi "arugula" m'malo mwa "rocket" (masamba a saladi). Anthu oyankhula Chisipanishi anabweretsa "cilantro", masamba onunkhira amene Angerezi amati "coriander". Adatchi, amene anamanga mudzi wa New Amsterdam usanalandidwe ndi Angerezi mu 1664 nkukhala New York, anasiya "cookie". Akapolo ochokera ku Africa nawo anasiya awo: "okra" ndi la Chiigbo, pamene "gumbo", msuzi wa therere wa ku Louisiana, ndi "goober", dzina la mtedza kummwera kwa America, anachokera ku zinenero za ku Angola ndi Congo zimene ndi zachibale ndi chathu.

Palibe ndiwo imene dzina lake linayenda ulendo wautali kuposa mabiringano. Mbewuyi inachokera ku Asia, dzina lake nkudutsa ku India, ku Persia, mpaka kwa Aluya amene ankati "al-badinjan". Aluya anapita nalo ku Spain, Afalansa nkulisandutsa "aubergine", Angerezi nkulitola pamenepo. Apwitikizi anati "beringela", ndipo kuchokera kwa iwo kunabadwa "brinjal", limene mudzalimve ku India ndi ku Durban. Lathu lakuti mabiringano, ndi "biringani" la Chiswahili, ndi ana a banja lomwelo. Aamereka ndi anthu a ku Australia amati "eggplant", chifukwa mitundu ina imene azungu anaiona m'zaka za m'ma 1700 inali yoyera ndi yobulungira ngati dzira la tsekwe. South Africa ili ndi mayina akeake: "baby marrow" m'malo mwa "courgette", "dhania" m'malo mwa "coriander" chifukwa cha amwenye amene anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzalima nzimbe, ndi "naartjie" amene anatipatsa ife dzina la manachesi. Ku Britain manachesi mukawapeza olembedwa "tangerines", "satsumas", "clementines" kapena "easy peelers".

Pa tchipisi ife tinatsata Britain. Mbatata yokazinga yotentha ya pa chiwaya ndi "chips" kumenekonso, pamene Aamereka amati "fries". Timapepala touma ta mbatata ta m'paketi ku Britain ndi "crisps", ku America ndito "chips". Ku Joni zonse ziwiri ndi "chips", zotenthazo nkuzisiyanitsa ndi dzina lakuti "slap chips". Bisiketi wathu ndi "biscuit" wa ku Britain, "cookie" wa ku America, ndipo Mwamereka akati "biscuit" akunena kabuledi kofewa kosatsekemera kodyera msuzi wa nyama. Maswiti ndi "sweets" uku, "candy" uko, "lollies" ku Australia. Nyama yogaya ndi "mince" uku, "ground beef" uko. Izi ana azitola okha, sizipweteka munthu.

Chimene chingakuzunguzeni kwambiri n'chapafupi pomwepo, kabanzi kozungulira kodyera nyama kapena tchipisi. Mkati mwa England momwemo kali ndi mayina ochuluka, ndipo anthu amakangana nawo mwachikondi ngati za mpira. Kwanu ku Manchester ndi Wigan ndi "barm" kapena "barm cake". Mukangokwera pang'ono kufika ku Oldham ndi "muffin". Ku Sheffield ndi "breadcake", m'matauni ena a kumadzulo kwa Yorkshire ndi "teacake", ku Nottingham, Derby ndi Leicester ndi "cob", ku Coventry ndi "batch", kwina "bap", ku London "roll". Sangweji kumpoto ndi "butty", ku Scotland ndi "piece". Choncho "chip barm" kapena "chip butty" ndi tchipisi choika m'kati mwa buledi wopaka batala. Masikono akumeneko nawo ndi osiyana ndi athu: ndi aang'ono, onyenyeka, odyedwa ndi jamu ndi kirimu, ndipo anthu a ku Devon amayamba kupaka kirimu pamene a ku Cornwall amayamba jamu.

Apa tsopano ndipempha mumvetsere, makamaka ngati inu kapena alendo anu simudya nkhumba kapena magazi. Ku Britain "pudding" ndi chakudya chilichonse chotsekemera chotsirizira, chimene ena amati "dessert", "sweet" kapena "afters". Koma "Yorkshire pudding" si yotsekemera, ndi ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka zowotcha mu uvuni, yodyera nyama ya ng'ombe Lamlungu. Ndipo "black pudding", imene tauni ya Bury pafupi nanu imatchuka nayo, ndi soseji ya magazi a nkhumba. Imakhala pa mbale ya kadzutsa wa "full English". Nkhumba imabisalanso m'mayina amene alibe mawu akuti "pork": "bacon", "ham", "gammon", "crackling", "scratchings", komanso "lard" amene ndi mafuta ake. Masoseji ambiri kumeneko ndi a nkhumba pokhapokha atalemba zina, ndipo "gelatine" wa m'maswiti ofewa nthawi zambiri amachokera ku nkhumba kapena ng'ombe. Mbali inayi, "mince pies" za pa Khirisimasi masiku ano zilibe nyama, ndi zipatso zouma zokhazokha, ngakhale zina zimakhala ndi mafuta a ng'ombe otchedwa "suet" ndi kachasu wa brandy pang'ono. Dzinalo linatsala kuchokera nthawi imene ankaikamo nyama ndithu.

Mowa nawo umabisala chimodzimodzi. "Cider" ku Britain ndi mowa wa maapozi woledzeretsa, pamene ku America "cider" ndi madzi a maapozi opatsa ana, woledzeretsayo amati "hard cider". Mwana amene waona m'kanema anzake akumwa "cider" ayenera kuuzidwa zimenezi. "Shandy" ndi mowa wosakaniza ndi "lemonade". "Ginger beer" wa m'masitolo nthawi zambiri alibe mowa ngakhale dzina likutero, komabe ulipo wina woledzeretsa, werengani pa botolo. "Lemonade" ku Britain ndi chakumwa choyera cha gasi, ku America ndi madzi a mandimu othira shuga.

Zoziziritsa kukhosi zonse za gasi ku Britain ndi "fizzy drinks", kumpoto ambiri amati "pop", ku Glasgow "ginger" kapena "juice" ngakhale mulibe chipatso, ku Ireland "minerals", ku Joni "cooldrink". America nayo inagawikana: ku New York ndi California amati "soda", pakati pa dziko cha ku Ohio ndi Michigan amati "pop", kummwera cha ku Atlanta, kumene Coca-Cola inayambira mu 1886, chakumwa chilichonse cha gasi amangoti "coke". Chakumwa chothira madzi ngati Sobo wathu ndi "squash" kapena "cordial". Soda wathu wophikira therere mukamufune pa mashelefu a zophikira makeke, dzina lake ndi "bicarbonate of soda", ku America "baking soda". Musamusokoneze ndi "baking powder", ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mukamaphika potsatira malangizo a pa intaneti, yang'anani kaye dziko limene achokera, chifukwa miyeso nayo si imodzi. "Pint" ya ku Britain ndi mamililita 568, ya ku America ndi 473. Aamereka amayeza ndi "cup" ya mamililita pafupifupi 240 ndipo kutentha kwa uvuni amakutchula mu Fahrenheit, pamene Angerezi amayeza magalamu ndi Celsius. Akati 350 ku America, pa uvuni wanu ikani 180. Ufa wa tirigu wamba ndi "plain flour" uku, "all-purpose flour" uko. Mukadzapita ku America nkuona "entrée" pa mndandanda wa zakudya m'lesitilanti, chimenecho ndi chakudya chachikulu, pamene ku France ndi Australia ndi choyambira chabe.

Anawo musawaletse mawu a ku America, koma awuzeni kuti kusukulu ndi polemba agwiritse ntchito a ku Britain, chifukwa ndiwo amene aphunzitsi ndi anzawo akuyembekezera. Mwana amatha kusunga "crisps" wa kusukulu ndi "chips" wa m'kanema popanda kusokoneza, monga momwe amasungira Chichewa cha kunyumba ndi Chingerezi cha panja.

Liwu limodzi ndikupemphani mulisinthe kuyambira lero, ndilo la mtedza. Kwathu tinaphunzira "groundnuts", koma ku Britain pafupifupi aliyense amati "peanuts", ndipo mphunzitsi kapena kholo la mnzake wa mwana wanu akhoza osazindikira msanga kuti n'chinthu chimodzi. Inu monga namwino mukudziwa kuti alipo ana amene thupi lawo limadana ndi mtedza moti kachidutswa kakang'ono kangawatsekereze kupuma. Malamulo akumeneko amalamula kuti zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu motero zilembedwe mooneka pa paketi ya chakudya, ndipo "peanuts" amalembedwa paokha, mosiyana ndi "nuts" wa m'mitengo monga cashew ndi almond. Sukulu zambiri siziloleza mtedza m'zakudya zimene ana amatenga. Mukaphika ndiwo zotendera, futali kapena phala lothira nsinjiro nkugawira anzanu a kuntchito kapena ana a oyandikana nawo, musanawapatse nenani momveka kuti muli "peanuts", chifukwa nsinjiro ikasungunuka mumphika munthu wosaidziwa sangaione.